Mipando ya Galimoto Zakale Ikamatitimira: Zoyambitsa ndi Kakonzedwe Kake ku Chigwa cha Shire

Dandaulo limene eni galimoto zakale a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amabwera nalo kawirikawiri kwa amisiri okhoma masofa ndi lakuti mpando umene unakonzedwa chaka chatha watitimiranso. Mukafufuza bwino mumapeza kuti pokonzapo mmisiri anangophwasula chikuto, n'kuwonjezera siponji pamwamba, n'kusokanso, koma sanautembenuze mpandowo kuti aone zimene zanyamula siponjiyo. Mpando wa galimoto uli ndi magawo anayi osanjikizana. Pansi penipeni pali felemu yachitsulo. Pamwamba pake pali masipuling'i, malamba a labala kapena thabwa. Kenako pamabwera zofewetsa monga siponji, ulusi wa makoko a kokonati kapena thonje. Ndipo zonsezi zimakutidwa ndi nsalu, chikopa kapena rexine (nsalu yapulasitiki yooneka ngati chikopa). Gawo lililonse limatha mwa njira yakeyake, ndipo siponji yatsopano yogonekedwa pa masipuling'i othyoka imatsikira m'dzenje lomwelo pakangopita milungu yochepa.

Kuno kuchigwa mipando imatha msanga kusiyana ndi kumtunda ku Blantyre kapena ku Thyolo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotsekedwa magalasi imene yaima padzuwa pa Nchalo kapena pa Ngabu mumatha kutentha kuposa madigiri 60, moti labala amauma n'kung'aluka, siponji imanyenyeka, guluu amamatuka. Fumbi la m'chilimwe limalowa m'siponji n'kumaipera nthawi iliyonse munthu akakhalapo, pomwe chinyezi cha m'dzinja chimachititsa dzimbiri masipuling'i. Zina mwa galimotozi zinamizidwapo ndi madzi osefukira a mu 2015, kapena a namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndipo matope a nthawi imeneyo akadali m'kati mwa mipando ngakhale kunja kukuoneka koyera.

## Musanamasule bawuti iliyonse

Kufufuza kwa mphindi zochepa mpando ukadali m'galimoto kumasonyeza gawo limene latha.

- Yalani nyuzipepala pansi pa mpando, kenako muumenye ndi chikhatho kangapo. Ufa wachikasu ukutanthauza siponji yonyenyeka, ulusi wofiirira wonga wa chingwe cha khonje ukuchokera ku chofewetsa cha kokonati, tizidutswa takuda touma ndi labala, ndipo ufa wofiira ndi dzimbiri.
- Pemphani munthu akhale pampandopo, inu muunike pansi pake ndi tochi kuti muone chimene chikutsika kwambiri. Musapise zala pakati pa masipuling'i munthuyo ali chikhalire.
- Yezani ndi tepi kuchokera pansi pa galimoto kufika pamwamba pa mpando, kutsogolo, pakati ndi m'mbali monse muwiri, ndipo muyerekeze ndi mpando wa wokwera, umene nthawi zambiri umakhala usanathe kwambiri.
- Jambulani ndi foni paliponse musanachotse kanthu, makamaka pamene pakoleka mawaya ndi mphete zomangira chikuto.

Ndi bwinonso kudziwiratu mtundu wa mpando umene muli nawo, chifukwa galimoto zakale sizifanana. Volkswagen Beetle ndi Mercedes-Benz W123, imene inayamba kugulitsidwa mu 1976, zili ndi masipuling'i achitsulo ofunditsidwa ulusi womatidwa ndi labala. Mipando yakutsogolo ya Morris Minor yambiri imanyamulidwa ndi malamba a labala, pomwe ya Land Rover Series ndi siponji yogonekedwa pa chinthu chophwatalala, ndipo pokhalira pake pamanyamuka mosavuta. Pa Peugeot 404 ndi 504, Datsun, Hilux zoyambirira ndi Land Cruiser zakale, musangokhulupirira zimene fakitale inaikamo, popeza galimoto ya zaka 40 kapena 50 yadutsa m'manja ambiri ndipo m'kati mwa mpando mutha kupezeka chilichonse, kuyambira masaka mpaka mtsamiro wa m'nyumba.

## Chizindikiro choyamba: pokhalira ponse patitimira, mukukhala ngati m'dzenje

Ili ndilo vuto lofala kuposa onse. Mawondo amakwera, msana umapindika, ndipo woyendetsa wamfupi amayamba kusuzumira pamwamba pa chiwongolero. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri, ndi izi.

1. Siponji kapena ulusi wofewetsa watha. Dinani pakati pa mpando ndi chibakera, kenako muchotse dzanja. Siponji yamoyo imabwerera nthawi yomweyo, koma yakufa imabwerera pang'onopang'ono kapena imatsala yobwafuka. Mankhwala ake ndi kuchotsa yakale yonse, osati kusanjika ina pamwamba, chifukwa yakaleyo imapitiriza kunyenyeka pansi pa yatsopano ndipo mpando umatsikanso.

Posankha siponji ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Kulimba kwa siponji pogwira ndi chinthu china, kulemera kwake ndi chinanso, ndipo chimene chimasonyeza kuti ikhalitsa ndi kulemerako. Siponji ya pokhalira iyenera kulemera makilogalamu 35 mpaka 50 pa kiyubiki mita imodzi. Wogulitsa akapanda kudziwa nambalayi, mutha kuiyeza nokha pa sikelo ya m'sitolo: chidutswa cha masentimita 50 m'litali, 50 m'lifupi ndi 10 kuchindikala chiyenera kulemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo chikalemera theka la kilogalamu dziwani kuti ndi siponji ya matiresi otchipa, imene singapirire kulemera kwa munthu pamalo amodzi tsiku ndi tsiku m'kutentha kwa kuno. Njira imene imagwira bwino ntchito ndiyo kuyala pansi siponji ija ya tizidutswa tamitundumitundu tomatidwa pamodzi, yochindikala masentimita 4 kapena 5, n'kumata pamwamba pake yofewerapo ya masentimita 2 kapena 3. Dulani ndi mpeni wa buledi kapena sowo yodulira zitsulo, mukutsatira maonekedwe a yakale, ndipo mbali iliyonse musiyeko sentimita imodzi yowonjezera kuti chikuto chidzakungike. Guluu mupakire panja pamthunzi, kutali ndi mbaula ndi ndudu, chifukwa nthunzi yake imayaka.

Popeza thonje limalimidwa konkuno, amisiri ena amadzaza nalo mipando. Thonje lopunthidwa bwino limathandiza likayalidwa mopyapyala pamwamba pa siponji kuti mpando usamatenthe kwambiri, koma silinganyamule munthu palokha, chifukwa limatsendereka n'kuumbika zibuluma, limasunga chinyezi, ndipo likakhala ndi njere limaitana makoswe.

2. Chiguduli cha pakati pa masipuling'i ndi siponji chang'ambika. Nsalu yokhuthalayi imaletsa masipuling'i kudula siponji, ndipo ikawola siponji imalowa m'mipata ya mawaya n'kumalendewera pansi ngati mizere. Mukaunika pansi n'kuona siponji itatuluka pakati pa masipuling'i, vuto ndi limeneli. Yalani chiguduli chatsopano chopinda pawiri, kapena kanivasi wa tenti, ndipo muchimangirire ku masipuling'i ndi mphete za waya zotchedwa hog rings pa mtunda wa masentimita 8 mpaka 10 kuzungulira m'mphepete. Thumba la feteleza lapulasitiki silioyenera pano, chifukwa limatsetsereka, limalira, ndipo likakalamba limayoyoka. Ngakhale chiguduli chakale chikuoneka chabwino, chisintheni nthawi iliyonse mukasintha siponji, popeza mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ntchito yophwasulanso mpando.

3. Malamba a labala atanuka kapena aduka. M'galimoto zimene zili ndi malamba otere kapena chinsalu chimodzi cha labala chokolekedwa ndi ngowe, vutoli limatsogola kuposa la siponji, chifukwa labala salimbana ndi kutentha kwa kuchigwa. Pindani lamba mmodzi ndi zala, ndipo mukaona ming'alu yambirimbiri kapena akathetheka, sinthani onse nthawi imodzi, chifukwa watsopano mmodzi pakati pa akale amasenza katundu yense n'kutha msanga. Lamba watsopano amadulidwa mofupikirapo kusiyana ndi mpata wake, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuti akungike pokoleka. Malegeni odulidwa ku chubu cha tayala angakuthandizeni kuchoka ku Bangula kukafika kunyumba, koma amatanuka mosafanana ndipo amaduka mwadzidzidzi, choncho musawayese kukonza kokhalitsa.

4. Masipuling'i atopa kapena akoleka molakwika. Masipuling'i okhotakhota ngati njoka amayenera kutukumuka pang'ono m'mwamba pamene palibe wokhalapo. Akagona mophwatalala kapena kupindikira pansi ndiye kuti atopa. Amene angomasuka pa ngowe yake amabwezeretsedwa ndi pulaya, koma otopa amafunika atsopano, ndipo a pokhalira amakhala a waya wokhuthala pafupifupi mamilimita 4, osati opyapyala a kotsamira.

5. Thabwa la pansi lawola kapena ladyedwa ndi chiswe. Libayeni ndi sikuludiraiva. Ikalowa mosavuta, dulani pulayiwudi yatsopano molingana ndi yakale, muboole mabowo angapo otulukira mpweya, ndipo muipake penti mbali zonse musanaikepo siponji.

## Chizindikiro chachiwiri: mpando wapendekera kukhomo

Mpando wa woyendetsa umayamba kugwa mbali ya kumanja, chifukwa polowa ndi potuluka thupi lonse limatsamira m'mphepete mwa kukhomo. Woyendetsa amazolowera kupendekekako mpaka osakuonanso, ndipo amadzazindikira chiuno chikayamba kuwawa pa ulendo wautali, kapena pokwera makona a pa M1 kuchoka pa Thabwa kupita ku Blantyre, pamene thupi limatsetserekera mbali imodzi pa kona iliyonse.

1. Siponji ya m'mphepete yaphwanyika. Finyani m'mphepete monse muwiri n'kuyerekeza. Ngati pakati pakadali bwino, dulani gawo lowonongeka lokha mopendeketsa mpeni, n'kumatapo chidutswa cha siponji yolimba, kenako muphimbe polumikizira ndi nsalu yomatidwa ndi guluu.
2. Waya wa m'mphepete kapena sipuling'i yakumapeto yathyoka. Vutoli ndi lodziwika bwino pa Mercedes-Benz zakale. Waya wothyoka amalumikizidwa pogoneka waya wina wolimba mofanana pambali pake n'kumanga awiriwo ndi timalata tofinyira kapena mphete zambiri zoyandikana. Musawotcherere sipuling'i, chifukwa moto umachotsa mphamvu yake yobwerera ndipo imathyokanso pafupi ndi powotchererapo.
3. Felemu yang'aluka pakona. Pukutani fumbi ndi dzimbiri pamakona onse ndi bulashi ya waya, ndipo mufunefune kamzere kakuda kopyapyala. Ntchito imeneyi ndi ya owotcherera.
4. Pansi pa galimoto pawola pamene pamangidwa mpando. Ichi sichichitika kawirikawiri, koma ndicho choopsa kuposa zonse, ndipo chafotokozedwa m'gawo lomaliza.

Pa galimoto zina pokhalira pa woyendetsa ndi pa wokwera m'pofanana, moti mutha kusinthanitsa kuti mbali yotopa ipite m'kati. Zimenezi zimapatsa mpata wosonkhanitsa ndalama, koma sizichotsa vuto.

## Chizindikiro chachitatu: mukumva chitsulo kapena chinthu chikukubayani

Choyamba kukayikira ndi chiguduli chong'ambika pamodzi ndi siponji yodulidwa, monga tafotokozera kale. Chachiwiri ndi nsonga ya sipuling'i yothyoka imene yaloza m'mwamba, ndipo imeneyi musaichedwetse, chifukwa ikaboola chikuto choyambirira cha galimoto mwataya chinthu chimene simungachipezenso. Chachitatu ndi mphete kapena waya amene mmisiri wakale anamusiya ataloza m'mwamba. Chomaliza, chimene chimapezeka m'mapikiapu a mpando umodzi wautali, ndi jeke, sipanala kapena chitsulo china chimene chinakankhidwira pansi pa mpando, masipuling'i n'kumagunda pamenepo pa bampu iliyonse.

Eni Volkswagen Beetle asamale kwambiri ndi chizindikirochi pa mpando wakumbuyo. Batire la galimotoyi limakhala pansi pa mpandowo, ndipo masipuling'i akatitimira mpaka kukhudza mitu ya batire amathetheka moto umene umayatsa ulusi wouma wa mumpando. Onetsetsani kuti batire lili ndi chovindikira chake kapena labala wokhuthala pamwamba, ndipo musakweze anthu kumbuyo mpaka mpandowo utakonzedwa. Pa galimoto iliyonse yokhala ndi batire pansi pa mpando, chotsani waya wa batire wolumikizidwa ku chitsulo cha galimoto (nthawi zambiri ndi wa negetivi) musanayambe ntchito.

## Chizindikiro chachinayi: chotsamira chikugwedera kapena chagonera m'mbuyo

Apa siponji nthawi zambiri ilibe mlandu. Gwirani chotsamira pamwamba ndi manja awiri n'kuchigwedeza kutsogolo, m'mbuyo ndi m'mbali, wina akuyang'ana pamene pakusuntha.

1. Mabawuti a polumikizira akhwefuka. Misewu yafumbi ya mabampu, monga ya ku East Bank ndi yolowera m'midzi, imamasula mabawuti pang'onopang'ono. Amangeni, ndipo muikepo mawashala otsekera kapena manati a nayiloni m'kati.
2. Mabowo a mabawuti akula chifukwa choperesedwa. Bawuti ikamasewera m'bowo ngakhale mwaimanga, pakufunika kachubu kachitsulo kodzaza mpatawo kapena kuwotcherera washala wokhuthala.
3. Mano a chogonekera mpando aperepeseka. Chotsamira chimene chimadumpha chokha mukatsamira mwamphamvu n'choopsa, chifukwa chikagwa mukuponda mabuleki phazi limachoka pamalo pake. Tsukani fumbi ndi girisi wakale ndi palafini kuti muone manowo. Akakhala ozungulira nsonga, chitsulocho chisinthidwe, ndipo musachipale ndi fayilo pofuna kunola mano.
4. Paipi ya felemu yathyoka m'kati mwa chikuto. Mudzaona mbali imodzi ikugona kuposa inzake.

Ngati chotsamira chili cholimba koma msana ukumira m'kati mwake, vuto ndi malamba kapena masipuling'i opyapyala a kumbuyo, ndipo kakonzedwe kake n'kofanana ndi ka pokhalira, kupatula kuti siponji ya kotsamira iyenera kukhala yofewerapo.

## Chizindikiro chachisanu: mpando ukulira kapena ukukana kusuntha

Kulira kumachokera pa chitsulo chokhulana ndi chinzake: ngowe za masipuling'i zimene zataya kansalu kake, njanji zouma zimene mpando umasunthirapo, kapena bawuti yokhwefuka. Kulungani ngowe ndi kachidutswa ka kanivasi, ndipo njanji muzitsuke musanapake girisi. Pakani girisi wochepa kwambiri, chifukwa wambiri amakola fumbi la kuno n'kusanduka phala lopera chitsulo. Oilo wakale wa injini musamugwiritse ntchito, popeza amadontha, amanunkha, ndipo amawononga labala.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: fungo la chuku, matope kapena makoswe

Mpando umene unamizidwa m'madzi osefukira suuma ndi kungouyanika padzuwa uli wokutidwa. Chikuto cha rexine chimauma kunja tsiku lomwelo, koma siponji ya m'kati imasunga madzi kwa milungu, ndipo nthawi yonseyo masipuling'i ndi felemu zimakhala zikudyedwa ndi dzimbiri. Madzi oterowo amakhalanso atasakanikirana ndi zonyansa za m'zimbudzi ndi m'makola, kotero siponji, thonje, ulusi ndi chiguduli zonse zitayidwe. Musaziwotche pafupi ndi nyumba, chifukwa utsi wa siponji ndi wapoizoni. Felemu ndi masipuling'i zitsukidwe, ziume bwinobwino, zipalidwe dzimbiri ndi bulashi ya waya, kenako zipakidwe penti woteteza dzimbiri. Sipuling'i imene dzimbiri laikumba timaenje isinthidwe ngakhale isanathyoke, chifukwa imadzathyokera pa timaenje tomweto.

Galimoto yoima nthawi yaitali pafupi ndi nkhokwe, kapena imene imanyamula chimanga ndi mapira, imasanduka nyumba ya makoswe, ndipo iwo amaboola siponji kuchokera pansi, chikuto n'kumaoneka chabwinobwino pamwamba pa mphako. Pochotsa chisa valani magolovesi ndi chophimba pamphuno, ndipo muyambe mwanyowetsa ndowe zake ndi madzi a sopo kuti fumbi lisauluke. Mukamaliza kukonza, tsekani kunsi kwa mpando ndi kanivasi, ndipo mutseke mabowo a pansi pa galimoto amene makoswewo amalowera.

## Chizindikiro chachisanu ndi chiwiri: munakonza, koma chikuto chakwinyika kapena mpando watsikanso

Mpando ukatsikanso pasanathe chaka, choyamba kukayikira ndi siponji yopepuka, chachiwiri ndi siponji yakale imene inasiyidwa pansi, ndipo chachitatu ndi masipuling'i kapena malamba amene sanakhudzidwe. Makwinya amabwera siponji ikachepa, kapena mmisiri akaiwala kumanga mawaya a m'kati mwa chikuto amene amakokera mizere ya msoko pansi. Mawaya amenewa amalowa m'timatumba tansalu tosokedwa kunsi kwa chikuto, ndipo timatumbato tikang'ambika telala aliyense wa makina olimba atha kusokapo tatsopano.

Pobwezeretsa chikuto, dzuwa la kuchigwa limathandiza. Yalani rexine padzuwa kwa mphindi 15 kapena 20 kuti afewe, vekani siponji pepala lapulasitiki lopyapyala m'makona kuti chikuto chitsetsereke, kenako mulisolole. Mangani mphete kuyambira pakati kupita m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo mosinthanasinthana. Chikuto chakale chimene chauma musachikoke m'mawa kukadazizira, chifukwa chimang'ambika motsatira msoko.

Palinso vuto la mpando wokwera kwambiri mukaukonza. Siponji ikachuluka, ntchafu zimagunda chiwongolero ndipo phazi silifika bwino pa mabuleki. Musanamange chikuto, ikani mpando m'galimoto, mukhalepo, mupondeponde zopondera zonse mpaka pansi, ndipo muyerekeze ndi miyezo imene munalemba poyamba.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana mmisiri

Kusintha siponji, chiguduli ndi malamba ndi ntchito imene munthu wodekha angaichite pakhonde ndi pulaya, mpeni ndi sipanala. Zotsatirazi n'zosiyana, chifukwa zikalakwika mpando umazuka pangozi.

- Pansi pa galimoto pawola pozungulira mabawuti a mpando kapena a lamba wachitetezo. Mukabaya ndi sikuludiraiva n'kuboola, galimotoyo isayende mpaka wowotcherera waluso atadula chitsulo chowolacho n'kuikapo chatsopano chokhuthala mokwanira. Kuyala thabwa kapena lata la denga pamwamba pa bowolo sikukonza.
- Felemu kapena njanji yang'aluka. Mpando uchotsedwe m'galimoto, ndipo siponji ndi chikuto zichotsedwe zonse moto usanayandikire.
- Pakufunika kuwotcherera pafupi ndi thanki ya mafuta. Pa Land Rover Series zazifupi thanki ili pansi pa mpando wa woyendetsa, ndipo pa mapikiapu ena akale ili pafupi ndi kumbuyo kwa mpando. Thanki yopanda petulo koma yodzaza nthunzi ndiyo imaphulika, choncho imayenera kuchotsedwa ndi makaniko ntchito isanayambe.
- Mabawuti a mpando athyoka kapena apotoka mazinga. Alowe m'malo ndi olembedwa 8.8 pamutu kapena olimba kuposa pamenepo, osati a pa geti kapena a kalipentala. Mabawuti a lamba wachitetezo ali ndi mazinga akeake, ndipo asasinthanitsidwe ndi ena.
- Mukufuna kuikamo mipando yochokera m'galimoto zamakono. Mipando yambiri ya galimoto zochokera ku Japan ili ndi thumba la mpweya loteteza pangozi (airbag) m'mbali, lodziwika ndi mawaya a pulagi yachikasu, ndipo limatha kuphulika likalumikizidwa ku magetsi mwangozi. Kuboola mabowo atsopano pansi pa galimoto kumafunanso zitsulo zolimbitsira kunsi.
- Chikuto ndi chachikopa choyambirira ndipo chauma. Chipite kwa mmisiri amene anagwirapo chikopa, ngakhale zitatanthauza ulendo wa ku Blantyre kapena ku Limbe, chifukwa makina wamba a telala amaboola mabowo oyandikana kwambiri amene amachidula ngati lumo.

Popereka mpando kwa mmisiri, gwirizanani kuti akuitaneni akauphwasula, asanaikemo chilichonse, kuti muone ndi maso anu masipuling'i ndi felemu. Muuzeni akusungireni siponji yakale ndi zidutswa zonse zimene wachotsa, ndipo siponji yatsopano muiyeze pa sikelo isanadulidwe. Mpando ukabwerera m'galimoto, mangani mabawuti onse anayi pang'onopang'ono mosinthanasinthana kuti njanji zisapotoke, muusunthe kutsogolo ndi m'mbuyo kuti mumve ngati ukukola mbali zonse ziwiri, ndipo mudzawamangenso mabawutiwo pakatha mlungu umodzi wa maulendo.